Kwa mdzukulu amene watumizidwa ntchito ku Mangochi

Wafunsa kuti chikulakwika n'chiyani. Unakulira ku Dowa, boma lakutumiza kumudzi wina wa ku Mangochi ngati mlangizi wa zaumoyo, koma ukaitanitsa msonkhano kumabwera anthu asanu, ndipo wamva kuti akukutcha wamwano chonsecho umapereka moni mogwada.

Mdzukulu wanga, ulemu uli nawo, koma ndi wa kwanu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, koma ku Mangochi ndi ku Machinga ochuluka ndi iwowo, ndipo ambiri ndi Ayao. Nthawi, moni ndi chakudya zimayendera iwo.

Yamba ndi tsiku. Lachisanu masana ndi nthawi ya swala ya Ijumaa, usaikepo msonkhano. M'mwezi wa Ramadani itana anthu m'mawa asanafooke ndi ludzu, ndipo botolo lako la madzi likhale m'chikwama. Kumidzi ya m'mbali mwa nyanja amuna amachezera kupha usipa ndi nyali, m'mawa amakhala akugulitsa kapena ali mtulo, apeze chakumadzulo. Uthenga wa msonkhano upite kwa amfumu poyamba, kenako kwa shehe kuti aulengeze kumzikiti. Wongolembedwa papepala n'kumata pamtengo umawerengedwa ndi ochepa.

Tsono pakamwa. Kwanu mumalemekeza munthu ndi mfunda, aPhiri, aNabanda. Kumeneko ika "Che" patsogolo pa dzina. Myao polemekeza amakuyankhula ngati akunena za munthu wina: "Ali uli?" Yankha kuti "Ndili chenene," pothokoza "Sikomo." Ngakhale m'Chichewa adzati "akhale apa," "amwa tiyi?" Usacheuke kufuna mlendo wina, akunena iweyo, ndipo nawe uwabwezere chomwecho. "Iwe" wa kutauni, ngakhale kwa mnzako wamsinkhu, umusunge mpaka iye ayambe. Mawu oti "Achawa" ndi "Anasala" asatuluke m'kamwa mwako; ambiri amawamva ngati chipongwe. Nena Ayao, Asilamu.

Akakupatsa moni wa "Salaamu aleikumu," yankha "Waleikumu salaamu." Koma usayambe ndiwe kwa aliyense, poti kwa Mponda ndi ku Malindi kuli a Anglican ambiri, kunyanja kulinso Anyanja ndi Atonga. Mvetsera kaye. Kwa mayi usatambasule dzanja iye asanatero. Omba m'manja pang'ono, n'kokwanira. Popereka ndi polandira chinthu, dzanja lamanja.

Apa ndiye pamene alendo ambiri amagwa: maliro. Kwanu mumagona pasiwa, kudikira abale akutali, n'kuika mawa kapena mkuja. Asilamu amaika msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo. Ukamva uthenga m'mawa, siya kaundula wako upite pomwepo. Ukati "ndipita mawa" ukapeza jeneza, chonyamulira maliro, yabwerera kale kumzikiti, ndipo mudzi udzakumbukira kuti sunaoneke. Amuna amalandizana jeneza panjira, nawenso ikapo phewa. Amayi amatsala pakhomo. Ngati unali kutali, pita ukapepese, ndipo pa sadaka usasowe.

Ukafuna kuphikira alendo nkhuku, itana mnyamata wachisilamu achinje. Ukapha wekha adzati "takhuta," iwe n'kumayesa kunyada. Poto amene unaphikiramo nkhumba asayandikire mbale zawo.

Za jando ndi nsondo usazifunse pagulu. Ukudziwa mmene mumachitira ndi wofunsa za kudambwe. Ngati nkhani ya ukhondo wa kundagala, kumsasa wa jando, ikukhudza ntchito yako, ikambe ndi amfumu ndi angaliba, odula anyamata, panokha.

Chimodzi chokha sudzavutika nacho: Ayao nawonso ndi a chikamwini. Mwana akadwala, makolo n'kumazengereza zopita naye kuchipatala, funsa amalume ake, mwini mbumba, monga momwe ukanachitira ku Dowa.