Galu wanga ndiziyenda naye kuti ku England kuno? Yankho kwa mayi wa ku Leeds

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wasamukira mumzinda wa Leeds kuchokera ku Lilongwe, ndipo iye anavomera kuti ndimuyankhe poyera popeza nkhani yake ingathandizenso ena. Mayiyu akuti banja lake linabwera ndi galu wa zaka 4, wamkulu thupi, amene kwathu ankangodziyendera mumpanda usana ndi usiku. Kuno akukhala m'nyumba yogundizana ndi zina, yokhala ndi kabwalo kakang'ono kuseri, ndipo galuyo wayamba kuuwa kosalekeza, kukanda chitseko ndiponso kutafuna nsapato za ana. Mayiyu wakhala akungozungulira naye misewu iwiri yapafupi chifukwa akuopa kulowa m'malo a eni ake n'kupalamula mlandu. Funso lake ndi lakuti: kodi malo oyendetsako galu angawapeze bwanji, ndipo n'kuti kumene angamumasule chingwe?

Mayi, choyamba ndikuyamikireni chifukwa chosamusiya galu wanu, pakuti ndikudziwa zimene zimafunika kuti galu wochokera ku Malawi aloledwe kulowa m'dziko lino: kumuika pansi pa khungu kachipangizo ka microchip kokhala ndi nambala yomuzindikirira, katemera wa chiwewe, kuyezetsa magazi patapita masiku 30 chilandirireni katemerayo, kudikira miyezi 3 ina, ndiponso mankhwala a njoka za m'mimba ulendo utayandikira. Munthu amene wapirira zonsezi amamukondadi galu wake. Zimene galuyo akuchita m'nyumba si mwano. Kwathu galu amakhala ndi ntchito: amalondera, amathamangira kugeti akamva kugogoda, amanunkhiza m'munda, amagona padzuwa n'kusuntha dzuwa likasuntha. Kuno ntchito yonseyo yatha mwadzidzidzi, ndipo mphamvu zimene ankazithera pamenepo zikusowa kotulukira. Kuyenda naye tsiku ndi tsiku ndiko kwalowa m'malo mwa mpanda uja.

Malo oyendetsako galu ku Leeds si osowa ayi, ndipo ndiwatchula. Komabe malangizo anga enieni ndi akuti musayambe n'kufunafuna malo okongola akutali. Yambani mwapeza njira imodzi yoyambira pakhomo panu, yoyenda wapansi mphindi 30 kapena 40, imene mungaiyende m'mawa musanapite kuntchito ndi madzulo mutaweruka, kaya kukugwa mvula kaya kwada. Ndikunena izi chifukwa mu Disembala ku Leeds dzuwa limatuluka itadutsa 8 koloko m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo malo amene amafuna galimoto kapena basi mudzapitako kawiri katatu n'kugwa ulesi. Galu sadikira Loweruka. Tsegulani mapu a pafoni, muike nyumba yanu pakati, kenako muone kachigawo kalikonse kobiriwira kamene kali pafupi: paki yaing'ono, bwalo la anthu onse, kankhalango, njira yotsata mtsinje. Mukayende m'malo amenewo masana muli nokha, muone ngati muli magetsi a mumsewu, mabini, ndi zikwangwani zonena za agalu. Njira imeneyo ikakhazikika, zina zonse ndi zowonjezera.

Zikwangwanizo muziziwerenga ndithu. Malamulo okhudza agalu m'mapaki ndi m'misewu amaikidwa ndi khonsolo ya dera lililonse kudzera mu zimene zimatchedwa Public Spaces Protection Orders, motsatira lamulo la m'chaka cha 2014, choncho zololedwa ku Leeds sizingafanane ndendende ndi za ku Bradford kapena ku Wakefield ngakhale kuti mizindayi ndi yoyandikana. Kawirikawiri galu saloledwa n'komwe m'mabwalo otchingidwa osewereramo ana, ndipo kumanda ndi m'mphepete mwa misewu amayenera kukhala pachingwe. Chimbudzi cha galu mumatola ndi kajumbo n'kukataya m'bini. Ambiri a ife zimativuta m'maganizo masiku oyamba chifukwa sitinakule nazo, koma ndi udindo wa mwini galu aliyense, ndipo wosiya chimbudzicho akhoza kulipitsidwa mapaundi 100 pomwepo, kapena mpaka mapaundi 1,000 nkhani ikafika kukhoti. Malamulo onse a dera lanu ali pa webusaiti ya khonsolo ya Leeds. Onetsetsaninso kuti lamba wa m'khosi mwa galu ali ndi dzina lanu ndi adiresi yanu, monga likufunira lamulo la m'chaka cha 1992, ndiponso kuti nambala ya microchip yalembetsedwa kuno ndi adiresi ya nyumba yanu yatsopano, chifukwa kuyambira mu Epulo 2016 zimenezi n'zokakamiza, ndipo galu akasochera ndi njira imene angakupezereni msanga.

Tsopano malo enieniwo. Roundhay Park, kumpoto chakum'mawa kwa mzinda, ndi imodzi mwa mapaki akuluakulu a m'mizinda ya ku Ulaya, ya maekala oposa 700, yokhala ndi nyanja ziwiri, nkhalango ndi madambo otakasuka. Kuli Meanwood Valley Trail, njira ya mamailosi 7 yochokera ku Woodhouse Moor, pafupi ndi yunivesite, kudzera m'chigwa cha mitengo mpaka ku Golden Acre Park, ndipo simukakamizidwa kuimaliza yonse, mukhoza kulowa pakati n'kutuluka pamene mwatopa. Kum'mawa kuli Temple Newsam, kum'mwera kuli Middleton Park ndi nkhalango yake yakale, ndipo mukafuna phiri, Otley Chevin ili pafupi. Koma kwa galu wonga wanu, ine ndingayambire m'mbali mwa ngalande ya Leeds and Liverpool Canal. Ngalandeyi ndi ya mamailosi 127, ndipo m'mbali mwake muli njira imene kale ankayendamo mahatchi okoka mabwato. Njirayi ndi yosalala, ilibe galimoto, simungasochere chifukwa madzi ndiwo akulozerani, ndipo kuyendamo n'kwaulere. Bungwe la Canal & River Trust limasamalira mamailosi pafupifupi 2,000 a ngalande ndi mitsinje yotere ku England ndi ku Wales, kotero kuti ngakhale mutadzasamukira mzinda wina mudzaipezabe. Chofunika kusamala nacho ndi anthu a njinga, amene amadutsa mwakachetechete, ndiponso zipata zokwezera mabwato, pamene madzi amakhala akuya ndipo khoma lake ndi lotsetsereka moti galu akagweramo sangathe kutuluka yekha.

Mantha anu olowa m'malo a eni ake ndi omveka, ndipo apa ndikufuna ndifotokoze mwatsatanetsatane chifukwa ndi pamene alendo ambiri amadzimana zabwino. Ku England ndi ku Wales kuli njira zoyendamo anthu onse, zotetezedwa ndi lamulo, zokwana mamailosi pafupifupi 140,000, ndipo zambiri mwa izo zimadutsa pakati penipeni pa minda ndi mabusa a anthu. Mukaona chikwangwani cholembedwa Public Footpath, kapena kamuvi kachikasu pamtengo kapena pageti, muli ndi ufulu wodutsa pamenepo ndi galu wanu ngakhale malowo ali a mlimi. Kamuvi kabuluu kamatanthauza kuti njirayo imayendanso mahatchi ndi njinga. Ufuluwo ndi wodutsa basi: inu ndi galu mumatsata njira, simumwazikana m'munda monse, ndipo geti lililonse mumalisiya momwe mwalipezera. Zikufanana ndi njira za kumudzi zodutsa m'minda ya anthu popita kuchigayo kapena kudambo, zimene aliyense amayendamo popanda kuponda mizere. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno njirazi zinajambulidwa pamapu. Mapu a mtundu wa Explorer a bungwe lojambula mapu la Ordnance Survey amazionetsa ndi timizere tobiriwira todukizadukiza, ndipo amapezeka m'masitolo a mabuku, m'malaibulale ambiri, komanso pafoni. Amene akuwerenga ali ku Scotland adziwe kuti kumeneko lamulo la m'chaka cha 2003 limapereka ufulu wokulirapo woyenda pamalo ambiri, malinga ngati munthu akuchita mosamala ndipo galu wake akumumvera.

Pa funso lomasula chingwe, yankho langa ndi lakuti musafulumire, ngakhale kumene lamulo likulola. Galu wokulira mumpanda ku Lilongwe anaphunzira kuti munthu wachilendo ndi wofunika kumuuwa, ndipo galu wachilendo ndi wofunika kumuthamangitsa. Ameneyo anali galu wabwino kwathu. M'paki ya ku Leeds adzakumana ndi agalu ambiri omasulidwa, ena akumuthamangira kudzamununkhiza, ana akuthamanga, ndi anthu amene saopa galu m'pang'ono pomwe chifukwa chiwewe cha agalu chinatha m'dziko lino zaka zoposa 100 zapitazo. Lamulo la Dangerous Dogs Act la m'chaka cha 1991 limati ndi mlandu galu kukhala wosalamulirika moopsa, ndipo sikuti mpaka alume munthu, kungochititsa munthu kuopa kuti alumidwa n'kokwanira. Galu wanu sanayesedwepo m'malo otere, ndipo inu simukudziwa kuti adzatani. Gulani chingwe chachitali cha mamita 5 kapena 10, muzimulola kununkhiza patali ali womangidwa, muzimuitana n'kumupatsa kachakudya nthawi iliyonse akabwera, mpaka kubwera akaitanidwa kusanduke chizolowezi ngakhale pamene pali zomukopa. M'madera ozungulira mzinda muli alimi amene amachititsa lendi mabwalo otchingidwa ndi mpanda kwa ola limodzi, mwini galu n'kukhala yekha ndi galu wake. Mukafufuza pa intaneti mawu akuti secure dog field pamodzi ndi dzina la dera lanu mudzawapeza. Kumeneko akhoza kuthamanga mpaka kutopa monga ankachitira kwathu, inu mtima uli m'malo. Mukaona galu wina wavala kansalu kachikasu pachingwe, mwini wake akupempha kuti musamuyandikire, ndipo inunso mukhoza kumuveka wanu kotero miyezi yoyambayi.

Mukadzayamba kupita kunja kwa mzinda, ku Ilkley Moor kapena ku Yorkshire Dales, nkhani yaikulu ndi ziweto. Derali ndi la nkhosa, ndipo galu amene sanalumepo munthu akhoza kuthamangitsa nkhosa chifukwa cha chibadwa chabe. Nkhosa yabere ikathamangitsidwa imatha kutaya bere ngakhale galu asanaikhudze. Lamulo la m'chaka cha 1953 limati zimenezi ndi mlandu wa mwini galu, ndipo pali nthawi zina pamene mlimi amaloledwa kuwombera galu amene akuvutitsa ziweto zake. Pamapiri ndi m'madambo otsegukira anthu onse, galu amayenera kukhala pachingwe chosaposa mamita 2 kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Julayi, chifukwa ndi nyengo imene mbalame zoikira mazira pansi zimaswa, ndiponso nthawi iliyonse pamene pali ziweto pafupi. Ng'ombe zokhala ndi mathole ndi zoopsa kuposa mmene tinazolowerera kwathu, chifukwa zimaona galu ngati chilombo chofuna ana awo, ndipo anthu amavulala, ena kufa kumene. Muzizilambalala patali. Zikayamba kukutsatani mwaukali, tayani chingwe kuti galu athawe yekha, chifukwa iye amathamanga kuposa ng'ombe ndipo ndi iyeyo amene zikumufuna, inu n'kutuluka m'busamo modekha. Malangizo amenewa ndi amene boma lenilenilo limapereka. Mukabwerako kutchire muzimuyang'ana nkhupakupa m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala, ndipo m'chilimwe musamulole kumwa kapena kusambira m'madzi odikha okhala ndi ndere zobiriwira pamwamba, chifukwa mtundu wina wa ndere zimenezi umapha agalu.

Kusowa galimoto sikuyenera kukutsekerezani. M'sitima za National Rail munthu mmodzi amaloledwa kukwera ndi agalu awiri kwaulere bola ali pachingwe ndipo sakukhala pampando, pamene m'basi zimatengera kampani ndi dalaivala. Kunyanja, ku Scarborough, Whitby ndi Filey, zigawo zina za mchenga zimatsekedwa kwa agalu kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 30 Sepitembala, koma zigawo zina zimakhala zotsegula chaka chonse, ndipo zikwangwani zake zimaonetsa malire. Nkhalango za bungwe losamalira mitengo la Woodland Trust, zimene ndi zoposa 1,000 m'dziko lonse, kulowamo n'kwaulere.

Pali njira ina yopezera malo imene mapu sangailowe m'malo, ndiyo kufunsa. Safunsa anadya phula. Anthu a kuno amaoneka osalankhula, ndipo mukhoza kukhala chaka chathunthu osadziwa dzina la woyandikana naye nyumba, koma munthu amene ali ndi galu pachingwe amalankhulitsidwa. Mukamayenda njira imodzimodzi pa ola limodzimodzi, sabata ziwiri sizitha musanayambe kuzindikira nkhope, ndipo iwo ndi amene adzakuuzeni kuti kuseri kwa nyumba zakutizakuti kuli kanjira kotulukira kunkhalango, kuti dambo lakuti limadzaza matope mvula ikagwa, kapena kuti galu wa pa ola lakuti ndi wandewu. Ine malo amene ndimawakonda kwambiri ndinawadziwa m'njira imeneyi, kuchokera kwa bambo wina wachikulire amene tinkakumana m'mawa uliwonse, ndipo mpaka lero malowo pamapu a pafoni amangooneka ngati kampata pakati pa misewu iwiri. Chipatala cha ziweto chimene mudzamulembetse galu wanu nachonso chimadziwa magulu ophunzitsa agalu a m'dera lanu, ndipo kwa galu amene sanazolowere anzake maphunziro amenewo ndi oyenera ndalama zake.

Loweruka likudzali, gulani magambuti, tochi yaing'ono, timajumbo ndi chingwe chachitali chija. Mulawirire m'mawa anthu asanachuluke, mukalowere njira ya ngalande cha ku Kirkstall, dera la chakumadzulo kwa mzinda, muyende kulowera ku Rodley kwa theka la ola n'kubwerera. Muzimulola kuima n'kununkhiza paliponse pamene wafuna, chifukwa kununkhiza nakonso kumatopetsa galu. Mukamuona galu wina akubwera kutsogolo, fupikitsani chingwe, patukirani kumbali yotalikirana ndi madzi, inu muime pakati pa agalu awiriwo, ndipo muone mmene wanu akuchitira. Mundilembere kuti anauwa, anabisala kumbuyo kwanu, kapena anangogwedeza mchira, chifukwa zimenezo n'zimene zidzatiuze ngati sabata yotsatira mungayese Roundhay Park kapena muyambe kaye mwachita lendi bwalo lotchingidwa.