Tifunseni za Magetsi: Dzuwa likuswa mtengo, nanga sola yaikulu ithimiranji?

Funso: Akulu, ine ndimakhala ku Salima ndipo ndili ndi kagolosale kokhala ndi filiji. Chimandizunguza mutu nchoti magetsi akathima dziko lonse, ifenso kuno amathima, pomwe mapanelo aja ali pompa ndipo dzuwa likuswa mtengo. Mnzanga wina akuti sola ija imazimitsidwa dala. Kodi nzoona? Bwanji osangotipatsa ife oyandikirafe? Ndine wowerenga wanu wa ku Salima.

Yankho: Achimwene, mnzanuyo wanena zoona mbali ina, koma si munthu amene amathamanga kukazimitsa ayi, imadzizimitsa yokha ndipo anaipanga dala kuti izitero. Sola ya ku Salima ija ndi ya 60 MW, ya kampani ya JCM, inayamba ntchito mu 2021 ndipo ili ndi mapanelo opitirira 200,000. Magetsi ake onse amakalowa pa sabusiteshoni ya Nanjoka mu giridi ya ESCOM, mawaya aja olumikiza magetsi a dziko lonse, ndiye amene amafika mu filiji yanuyo amakhala atasakanikirana kale ndi a ku Nkula ndi ku Tedzani, palibe waya wina wapadera wopita kwa oyandikira.

Tsono nkhani yagona pa ma inveta. Mapanelo amatulutsa DC, magetsi oyenda mbali imodzi, pomwe mawaya athu amayenda AC ya 50 Hz, magetsi opita nkubwerera maulendo 50 pa sekondi, ndipo inveta ndi imene imasintha DC kukhala AC. Ma inveta a mtundu umenewu sayambitsa okha 50 Hz imeneyo, amayamba aona kaye volteji imene ili pa waya kenako nkumatsatira momwemo, ndiye giridi ikagwa alibenso choti atsatire. Pa sabusiteshoni pali ma relay amene usana ndi usiku amangoyeza volteji, frequency (50 Hz ija) ndi kalenti kudzera mu tima thiransifoma toyezera totchedwa CT ndi VT, akangoona kuti zatuluka m'malire amalamula buleka yaikulu kuti itseguke nkudula magetsi, ndipo zonsezi zimatha sekondi isanakwane, munthu usanaphethire nkomwe.

Mwina mukuti ndiye bwanji osaisiya izipitirira kupereka ku dera lathu lokha. Apa mpamene ine ndimalimbikira kwambiri, chifukwa pali moyo wa anthu. Waya akaduka kapena pakachitika shoti, amisiri amadula magetsi mbali yawo nkukwera pa polo akudziwa kuti laini yafa. Sola ikapitiriza kuthira magetsi kuchokera kumbuyo, munthu uja amagwira waya wamoyo. Chachiwiri, kachigawo kongotsala kokhako kalibe chogwira volteji kuti ikhazikike, mtambo ukangodutsa mphamvu imatsika, ukachoka ikwera, ndipo kompulesa ya filiji yanuyo ndi imene ingayambe kupsa. Chachitatu ndi pobwerera, giridi ikadzuka nkukumana ndi kachigawo kamene kakuyenda payokha mosagwirizana nayo, kugundana kwake kumatha kuononga thiransifoma, ndipo thiransifoma yaikulu si chinthu chogula mawa lake ku Limbe, imaitanitsidwa kunja nkudikira miyezi. Chitetezo chimenechi amachitcha anti-islanding.

Njira yoti dera lizikhala ndi magetsi giridi itagwa ilipo, imafuna mabatire akuluakulu ndi ma inveta ena amene amatha kuyambitsa okha volteji, komanso chitetezo chokonzedwa mwatsopano. Ku Golomoti, ku Dedza, sola ya 20 MW imene inatsegulidwa mu 2022 ili ndi batire ya 5 MW yosunga 10 MWh, imene imathandiza kuti mphamvu isamangokwera nkutsika mitambo ikamadutsa. Ine ndimaona kuti mabatire otere akufunika ambiri, makamaka tikakumbuka mmene tinavutikira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 nkuchotsa pafupifupi 130 MW pa giridi.

Funso: Ndine mtsikana, ndikuphunzira za magetsi pa koleji ina ya ntchito zamanja. Ndinathandiza nawo kuika sola yokulirapo pa famu ina, ndiye mmisiri wamkulu anaika ma buleka wamba a m'nyumba kumbali ya mapanelo, akuti buleka ndi buleka bola ma ampu akwane. Ine mtima sunakhazikike. Ndalakwa kukayika?

Yankho: Chemwali, simunalakwe olo pang'ono, ndipo chonde bwererani mukalankhule nawo mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, ma buleka amenewo achoke. Buleka ikamatseguka magetsi akuyenda, pakati pa zitsulo ziwiri zija pamabuka moto, womwe uja mumauona kwa owotcherera mageti. Mu AC ya 50 Hz kalenti imafika pa ziro maulendo 100 pa sekondi iliyonse, ndiye motowo umapeza mpata wozima wokha. DC siifika pa ziro, imangokankha mbali imodzi, ndiye mu buleka ya AC moto uja umatha kungopitirira kuyaka mkatimo mpaka pulasitiki kusungunuka bokosi nkugwira moto, pomwe kandodo kake kali pa OFF bwinobwino. Buleka ya DC imakhala ndi timaginito ndi tizitsulo tokoka motowo kuti utalike mpaka uduke, nchifukwa chake ambiri amalembedwa + ndi -, mukalumikiza mozondotsa maginito aja amakankhira moto kolakwika. Muziwerenga volteji ya DC imene yalembedwa pa thupi pake, osangoona ma ampu okha.

M'masola akuluakulu nkhaniyi ndi yoopsa zedi chifukwa mapanelo amalumikizidwa mndandanda, limodzi la ma volti 40 kapena 50, mpaka mzere umodzi kufika 1,000 kapena 1,500 V. Mizere yambiri ikamakumana mu bokosi limodzi lotchedwa combiner, mzere uliwonse umakhala ndi fyuzi yake yolembedwa gPV, chifukwa mzere umodzi ukachita shoti mizere ina yonse imathira kalenti yake mwa iwo chobwerera ndipo waya wake sangapirire. Kuchoka pa inveta magetsi amakwezedwa ndi thiransifoma, nthawi zambiri kufika 33 kV, nkulowa mu switchgear, makabati achitsulo aja okhala ndi ma buleka a vacuum kapena a gasi wa SF6, kenako nkukwezedwanso kuti akalowe mu laini yaikulu.

China choti mukachidziwe msanga pa ntchito yanuyi, panelo likachita shoti kalenti yake imangokwera pang'ono kuposa ya masiku onse, inveta nayonso imapereka mongopitirira pang'ono mlingo wake, kusiyana ndi jenereta ya pa damu imene imathira kalenti yochuluka kangapo. Ndiye chitetezo chongodikira kuti ma ampu achuluke chimatha kusaona vuto, mpake ma inveta abwino amayezanso ngati magetsi akuthawira pansi ndipo m'mawa uliwonse amayamba ayeza insulation, chokutira mawaya chija, asanadzuke. Ndipo musaiwale, kutsegula buleka sikuzimitsa mapanelo, dzuwa likakhalapo mawaya ochokera kumeneko ndi amoyo basi. Mapulagi a MC4 aja, olumikizira mawaya a mapanelo, musamawasolole sola ikugwira ntchito, yambani mwazimitsa inveta, dulani magetsi pa isolator, switchi yolekanitsa mapanelo ndi inveta, ikani loko yanu kiyi nkukhala m'thumba mwanu, yezani ndi mita yoti imafika volteji imeneyo, kenako gwirani.

Funso: Nanga mphezi? Chitsulo chonse chija pabwalo nthawi ya dzinja sichiitana ngozi? Ndine wa ku Nkhotakota.

Yankho: Bambo, poti kwanuko kulinso sola ya 21 MW funsoli nlomveka. Mphezi imagwa ndithu, ndipo ngakhale igwe chapatali imakankha volteji yaikulu m'mawaya ataliatali aja. Pansi pa malo onsewo amakwirira mawaya a kopa olumikizana ndi zitsulo zonse, mpanda womwe, ndipo mu combiner, pa inveta ndi pa thiransifoma amaikapo ma surge arrester amene amatsegula njira yopita pansi volteji ikangolumpha. Aang'ono a mu bokosi aja amakhala ndi kazenera kobiriwira, kakafiira ndiye kuti atha ntchito asinthidwe, ndipo ndi bwino kuwayendera mvula yamphezi ikangodutsa. Chimene chimandiwawa ndi anthu okumba kopa wa pansi uja kukagulitsa kwa ogula zitsulo, chifukwa akachotsedwa magetsi amayakabe ngati palibe chavuta, koma tsiku la shoti kapena la mphezi mpanda ndi mabokosi zimatha kukhala ndi magetsi, ndipo woyamba kugwirapo amakhala mlonda kapena mwana woweta mbuzi. Mukaona pokumbidwa pafupi ndi mpanda kapena pa thiransifoma ya m'mudzi mwanu, musagwire chitsulo chilichonse, kauzeni alonda kapena a ESCOM tsiku lomwelo.