Magazini a galimoto amene atate anasiya, ndiwatani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a ku Katete amene amawerenga zolemba zanga. Atate awo, omwe anali aphunzitsi koma okonda kwambiri za injini, anamwalira chaka chatha. Akuti pansi pa bedi anapezapo makatoni atatu odzaza magazini a galimoto: ambiri ndi CAR ya ku South Africa ya m'ma 1970 ndi 1980, ena ndi Autocar ndi Popular Mechanics. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndigulitse, ndipatse anthu, kapena ndingotentha? Nyumba ndi yaing'ono, koma mtima ukukana kutaya."

Amayi, pepani ndi maliro. Ndiyambe ndi za ndalama, chifukwa ndikudziwa kuti alipo wachibale amene wakuuzani kale kuti zinthu zakale zotere ndi chuma. Musayembekezere zambiri. Magazini amenewa ankasindikizidwa ochuluka zedi, ndipo kunja kuli anthu ambiri amene ali ndi milu yofanana ndi yanuyo m'magalaji mwawo. Autocar inayamba kutuluka mu 1895 ku Britain, CAR inayamba mu 1957 ku Cape Town, kotero kope la 1983 si lachilendo kwa osonkhanitsa. Iwo amafuna makope oyambirira enieni, kapena chaka chathunthu chopanda mwezi wosowa, zikuto zili bwinobwino. Ndiye pali kulemera kwake. Nyamulani katoni imodzi muone. Kuitumiza ku Lusaka pa basi, mtunda wopitirira makilomita 400 pa Great East Road, mwalipira kale. Kuitumiza ku London ndiye mtengo wa positi ungapose wa magaziniwo. Ngati mukufunabe kuyesa, jambulani zikuto muike pa Facebook m'magulu a okonda galimoto zakale, ndipo wogula adzitengere yekha.

Musanachite chilichonse, itanani abale anu. Katundu wa malemu, ngakhale akhale mapepala, amayambanitsa anthu. Mlongo wanu amene lero sakuwayang'ana n'komwe akhoza kudzafunsa patapita zaka ziwiri kuti mabuku a atate aja anapita kuti.

Tsopano yalani mphasa pakhonde tsiku lopanda mphepo, mutsegule lililonse. Ntchito yeniyeni ndi imeneyi ndipo musaithamangire. Anthu a m'badwo wa atate anu ankalemba m'mphepete mwa masamba. Mudzapeza manambala a mapulagi, tsiku limene anasintha oyilo, mtengo wa matayala m'makwacha ndi mangwee a nthawi imeneyo, mwinanso lisiti kapena kalata yopindidwa pakati. Alionse amene muli dzanja la atate, ikani pambali, ameneyo sachoka panyumba. Chimodzimodzi amene akukamba za galimoto imene iwo anayendetsa. Ngati inali Peugeot 504, Datsun 120Y kapena Fiat ija inkamangidwa ku Livingstone, adzukulu adzafuna kuona chithunzi cha galimoto imene agogo awo ankapita nayo ku Chipata kukalandira malipiro. Ndikhulupirira kuti mulu umenewu sudzapitirira makope makumi awiri, ndipo ukwana m'tiranki yaing'ono.

Mulu wachiwiri ndi umene ine umandikondweretsa. Galimoto zambiri zimene tikuyenda nazo lero, ma Corolla, ma Vitz, ma Noah obwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, zilibe kabuleta, kachipangizo kosakaniza mpweya ndi petulo m'injini zakale. Anyamata amene akuphunzira umakanika masiku ano amadziwa kulumikiza kompyuta n'kuwerenga vuto, koma muwapatse Land Rover 109 kapena Hilux yakale imene ikunyamulabe chimanga ndi fodya m'midzi ya ku Chadiza ndi Lundazi, muwauze akonze mapointi ndi taimingi, zimene zimachititsa kuti mapulagi apereke moto pa nthawi yake, ambiri amangokanda kumutu. Magazini a zaka zimenezo amafotokoza zimenezi ndi zithunzi, pang'onopang'ono, chifukwa nthawi imeneyo mwini galimoto ankayembekezeka kudetsa manja Loweruka m'mawa. Ndipo CAR ili ndi ubwino wina kwa ife: inalembedwera anthu oyenda m'fumbi ndi m'dzuwa ngati lathu, komanso m'malo okwera. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, Chipata oposa 1,000, ndipo kumtunda mpweya umapepuka, injini ya kabuleta imataya mphamvu n'kumadya mafuta ambiri ngati siinachunidwe bwino. Mmisiri wachikulire amazidziwa izi ndi khutu, wachinyamata akhoza kuziwerenga m'makatoni anuwo.

Choncho amenewa apatseni anthu amene adzawagwiritse ntchito. Yambani ndi makanika amene atate ankapitako, ngati akadali moyo, kapena ana ake a ntchito. Mukabwera ku Chipata, funsani ku sukulu ya ntchito zamanja ya Chipata Trades kapena ku laibulale ya boma ya chigawo chino. Koma funsani kaye musanakweze makatoni pa njinga. Malo osungira ndi ochepa kulikonse, ndipo mphatso imene munthu sanapemphe imangosanduka mtolo wina pakona.

Za kasungidwe ndilankhula ngati munthu amene analumidwapo. Ine ndinali ndi katoni ya magazini a mpikisano wa galimoto, a nthawi imene dzina la Satwant Singh, katswiri wa ku Zambia pa mpikisanowu, linali pakamwa pa mwana aliyense wa sukulu. Ndinaiika pansi pa simenti, moyedzamira khoma, m'chipinda chosungiramo makasu. Dzinja limodzi lokha. Pamene ndinkaitsegula mu Meyi, kunja inkaoneka yabwinobwino, m'kati munali dothi lokhalokha, chiswe chitamanga mudzi wake. Ndiye inu musaike pansi, musagundize kukhoma, ndipo musamange m'pulasitiki pamene mapepala ali ndi chinyezi, chifukwa amachita nkhungu n'kumatana. Aumikeni pamthunzi mu Seputembala kapena Okutobala mvula isanayambe, osati padzuwa chifukwa mitundu imafwifwa. Mawaya aja omangira pakati akachita dzimbiri achotseni, amadya pepala. Agonekeni mosanjikiza m'tiranki yachitsulo, muikweze pa njerwa, ndipo muziitsegula kawiri pachaka. Masamba amene muli zolemba za atate ajambuleninso ndi foni, mutumizire abale pa WhatsApp.

Otsalawo, ongoonetsa mitengo ya galimoto zimene sizinafikeko kuno ndi malonda a fodya ndi mowa, musawalirire. Aphunzitsi a ana aang'ono amakonda zithunzi zoti adule n'kumata pakhoma la kalasi. Ingochotsani masamba a fodyawo. Ogulitsa pamsika wa Kapata ku Chipata akhoza kutenga ena okulungira misomali ndi sopo, koma osati zitumbuwa kapena nsomba yokazinga, chifukwa inki imasungunuka ndi mafuta n'kulowa m'chakudya. Kutentha ndi njira yomaliza, ya okhawo owola ndi nkhungu, ndipo mutenthere kutali ndi khitchini, poti pepala lonyezimira limafuka kwambiri kuposa kuyaka.

Mwatchulanso kuti mwana wanu wa giredi 8 amakonda kumasula wailesi ndi njinga. Musanagawe mulu wachiwiri uja, musiyeni asankhepo asanu.