Kalata ya amfumu si chilolezo chomangira

Achemwali, mwafunsa ngati mungayambe kukumba maziko pa puloti yomwe mwagula cha ku Lupaso kuno ku Mzuzu, poti kalata ya amfumu muli nayo ndipo ena akuti za mapulani n'za m'tauni mokha. Musagule simenti kaye.

Amene akukuuzani zimenezo akukamba za kale. Lamulo la 1988 la Town and Country Planning Act linkagwira ntchito m'madera okhawo amene boma lawalengeza kuti ndi oyendera mapulani, ndiye munthu ukangodutsa malire a mzinda unkamanga mmene wafunira. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa Physical Planning Act, limodzi ndi malamulo ena a malo monga Land Act ndi Customary Land Act, ndipo dziko lonse la Malawi lidasanduka dera loyendera mapulani. Kaya puloti yanu yagwera m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Mzuzu kaya ya M'mbelwa, yomwe ndi khonsolo ya boma la Mzimba, chilolezo chikufunika ndithu.

Pamene ambiri timasokonezeka ndi apa: umwini wa malo ndi nkhani ina, kuloledwa kumangapo ndi nkhani inanso. Kalata ya amfumu, ngakhale ikhale ndi chidindo ndi mboni zitatu, imangonena kuti mudapereka ndalama. Siikuuzani ngati pamalopo adakonza kuti padzadutsa msewu, mapaipi a Northern Region Water Board kapena mawaya a ESCOM. Amfumuwo mwina mapu amenewo sadawaoneko n'komwe, ndipo tsiku limene nyumba ikulembedwa X wofiira pakhoma kuti igwetsedwe iwo sadzakubwezerani ngakhale lata limodzi.

Choyamba pitani ku khonsolo, ku ofesi ya mapulani, mukafunse kuti malowo adawasungira chiyani. Akakuuzani kuti ndi a nyumba zokhalamo, itanani saveya woloredwa adzayeze n'kuika mabikoni (zizindikiro za malire), osati kudalira mzere wa nthochi kapena chitsa cha bulugamu chomwe wogulitsa adakulozerani ndi chala. Kenako pulani ya nyumba yojambulidwa bwino ipite ku komiti yovomereza mapulani, ndipo za lizi muzilondole ku unduna wa za malo. Zimachedwa, sindikubisirani, ndiponso ndalama zimalowa. Ine ndimawadandaula pamenepa a boma: adakulitsa lamulo koma mapuloti oyezedwa kale, okhala ndi msewu ndi madzi, ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu ofuna. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 220,000 mu Mzuzu, ndipo ambiri mwa iwo adalowera kwa mafumu chifukwa khomo lina kunalibe.

Koma Mzuzu uno si malo ongomanga mwachisawawa. Mvula yathu imafika mpaka Epulo, nthaka n'kukhuta madzi. Mukaone ku Masasa, komwe anthu adadula phiri n'kutsamiritsa nyumba ku khoma la dothi lofiira, wam'mwamba chimbudzi chake chili pamutu pa khitchini ya wam'munsi. Mukaonenso madambo a m'mbali mwa Lunyangwa. Mvula ya mu Epulo 2016 idagwetsa nyumba zambiri mumzinda muno ndipo anthu ena adataya miyoyo. Choncho akakukanizani chifukwa malowo ndi otsetsereka kwambiri kapena a dambo, bwererani kwa wogulitsa mukakambirane za ndalama zanu njerwa zisanafike. Ngati simunamalize kulipira, yotsalayo igwireni mpaka khonsolo itayankha.