Funsani Amakaniki: Mabawuti Akukhwefuka pa Hedi Yatsopano ya Aluminiyamu

Funso: Ndili ndi Toyota Prado yakale ya injini ya dizilo ya 1KZ-TE. Hedi yake itang'ambika chifukwa cha kuwira, ndinagula ina ya aluminiyamu yosapangidwa ndi Toyota, ndipo amakaniki anaiika ndi gasiketi yatsopano koma anabwezera mabawuti akale. Tsopano madzi akumachepa mu rediyeta, mukumatuluka thovu injini ikamalira, ndipo manati a manifodi ya ekizozi akumakhwefuka pafupipafupi. Amakanikiwo akuti angothinanso mabawuti onse mwamphamvu. Kodi ndivomere? Wowerenga wa ku Kasungu.

Yankho: Bambo, musavomere. Mavuto amene mwawafotokozawa ndi awiri osiyana, ndipo kuthina mwamphamvu kungathe kukuwonongerani hedi imene mwaigula ndi ndalama zambiri.

Injini ya 1KZ-TE ili ndi buloko (thunthu la injini momwe muli masilinda) yachitsulo ndi hedi (chivundikiro cha pamwamba pa masilinda) ya aluminiyamu, ndipo pakati pake pamakhala gasiketi yotseka mpata. Ikatentha, aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho nthawi iliyonse imene injini yatentha n'kuzizira, hedi imadzikoka pamwamba pa gasiketi pamene buloko ikutsalira m'mbuyo. Chimene chimagwira zonsezi pamodzi ndi bawuti yomwe yatamuka pang'ono ngati sipuling'i ndipo ikufuna kubwerera m'malo mwake. Mabawuti a hedi imeneyi alipo 18, ndipo buku la Toyota limati amangidwe kufika 39 Nm (muyeso wa mphamvu yothinira) ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvuyo, kenako apotozedwe madigiri 90, n'kupotozedwanso madigiri ena 90. Kamangidwe kotereka kamatamula bawuti mpaka pamlingo woti siibwereranso pa utali wake wakale. Ndi chifukwa chake kubwezera mabawuti amene anamangidwapo kale, n'kupirira kuwira kumene kunang'amba hedi yoyamba, kunali kupulumutsa ndalama pamalo olakwika. Ndi chifukwa chakenso mabawuti amtunduwu sathinidwanso galimoto ikayendako. Mukawonjezera, bawuti imaduka kapena kufooka, ndipo gasiketi imene mpweya wamoto wadutsapo kale siimata ngakhale muithine motani.

Thovu losalekeza mu rediyeta, pamodzi ndi mapaipi amadzi amene amauma gwa injini itangolira kumene isanatenthe, ndi chizindikiro chakuti mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. Hediyo iyenera kutsika. Ikatsika, musalole kuti gasiketi yakale itayidwe musanaione, chifukwa mzere wakuda wa mwaye pa mkombero wa silinda umasonyeza pamene mpweya unkadutsira, ndipo bawuti ya pafupi ndi pamenepo ndiyo yoyamba kuikayikira.

Pali zinthu zimene hedi zopangidwa ndi makampani ena zimafuna kuti muzisamale kwambiri. Musaganize kuti hedi ndi yowongoka chifukwa chakuti yangotuluka kumene m'katoni. Amakaniki agoneke rula yachitsulo yowongoka bwino m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, n'kuyesa mpata ndi feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mipata), ndipo achite chimodzimodzi pa buloko, imene ambiri amaiiwala ngakhale kuti nayonso inawira. Mpata wololedwa sufika ngakhale 0.2 mm. Ayang'anenso pamene pamakhala mutu wa bawuti iliyonse. Aluminiyamu ndi wofewa, ndipo ngati washala yolimba inasowa, kapena anaikapo washala wamba ya ku hadiweya, mutu wa bawuti umamira pang'onopang'ono mu hedi. Bawuti yotero siinapotoloke n'komwe, koma mphamvu yake yatha, ndipo ambiri amene amadandaula kuti mabawuti akukhwefuka amakhala akuona zimenezi.

Mabowo a mabawuti mu buloko ndi malo ena amene ntchito imawonongekera mwakachetechete. Mbali yaikulu ya mphamvu imene mumaika pa sipanala imathera pa kukhulana kwa mazinga ndi pansi pa mutu wa bawuti, ndipo yochepa yokha ndiyo imatamula bawutiyo. Mazinga akakhala ndi dzimbiri kapena zotsalira za gasiketi yakale, torque wrench imalira kuti yafika pamene bawuti isanagwire. Bowo likakhala ndi oyilo kapena madzi pansi, bawuti imakankha madziwo m'malo mokanikiza hedi, ndipo nthawi zina buloko imang'ambika. Mabowo atsukidwe, aumitsidwe ndi mpweya wa kompuresa, bawuti iliyonse iyesedwe ndi dzanja ngati ikulowa mosavuta, kenako mazinga ndi pansi pa mutu papakidwe oyilo pang'ono chabe. Ndi bwino kuyerekezanso kukhuthala kwa hedi yatsopano ndi yakale, makamaka ngati yatsopanoyo inasikimidwa (kupalidwa nkhope pa makina), popeza bawuti imene yagunda pansi pa bowo imaoneka yolimba pamene hedi ili lende.

Za gasiketi, injini za dizilo ngati imeneyi zili ndi magasiketi okhuthala mosiyanasiyana, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza mmene mapisitoni atumphukira pamwamba pa buloko. Wogulitsa akangokupatsani iliyonse imene ili pa shelefu osafunsa chizindikiro cha yakale, dziwani kuti mukuchita maere. Gasiketi yachitsulo imafuna nkhope yosalala kwambiri, ndipo imaikidwa youma, yopanda silikoni. Pomanga, ayambire pakati kupita kumapeto motsatira manambala a m'buku, mobwereza kangapo, ndipo aike kadontho ka penti pa mutu wa bawuti iliyonse kuti pasapezeke imene yaphonya kupotoza kwa madigiri 90.

Manati a manifodi ya ekizozi ndi nkhani ina, ndipo apa amakaniki anu sanalakwe kwenikweni. Amenewa amaloledwa kuthinidwanso galimoto ikayenda maulendo angapo oyamba, malinga injini ikhale itazizira ndithu, chifukwa mazinga a mu aluminiyamu wotentha sachedwa kuzuka. Akapitiriza kukhwefuka, kapena mukamva phokoso la tiki tiki m'mawa limene limachepa injini ikatentha, ndiye kuti manifodi inapindika kapena sitadi (bawuti yopanda mutu pomwe pamamangidwa nati) ikuzuka mu hedi. Manifodi iwongoledwe pa makina, manati akhale atsopano opirira moto, ndipo bowo limene mazinga ake anadyeka likonzedwe ndi Helicoil (kawaya kopota kobwezeretsa mazinga m'bowo) osati kukhomeramo bawuti yaikulu mokakamiza.

Pomaliza ntchitoyi, funsani chimene chinawiritsa injini poyamba paja, chifukwa hedi yatsopano ingang'ambikenso pa chitunda cha Chiweta kapena pa msewu wokwera kuchokera ku Golomoti ngati gwero lake silinapezeke. Rediyeta yotsekeka mkati, fani ya kutsogolo imene kalachi yake yafooka, ndi themositati (kavavu kotsegulira madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha) yokakamira ndizo zoyamba kuziyesa. Themositati yowonongeka isinthidwe, isangochotsedwa monga amachitira ena. Madzi a pa mjigo musawathirenso mu rediyeta, chifukwa mchere wake umadya aluminiyamu ndi kutseka timipata tamadzi. Gulani kulanti (mankhwala oziziritsira injini) woyenera ndipo mumusakanize monga alembera pa botolo. Hedi isanabwerere pa injini, ipite ku malo okonzera kumene ali ndi makina oyesera ming'alu ndi mphamvu ya mpweya, kuti mudziwe ngati vuto linali gasiketi yokha kapena hediyo ili ndi chilema chochokera nacho ku fakitale, chimene mungakadandaule nacho kwa amene anakugulitsani.