Mayiko olemera chonchi, zipolopolo zingathe bwanji ku Ukraine?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa kwathu kuno amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Funso lawo ndalifupikitsa, koma mutu wake ndi uwu: "Timangomva kuti asilikali a Ukraine akusowa zipolopolo. Chonsecho kumbuyo kwawo kuli America, Britain, Germany ndi France, mayiko a chuma chamwanaalirenji. Onsewa angalephere bwanji kupanga zida zoposa za Russia? Kodi si njira yongopempherapo ndalama, kapena zidazo zikubedwa panjira?"

Bambo, mwafunsa bwino, ndipo ambiri amadabwa chimodzimodzi. Kusowako n'kwenikweni. Ndalama mayikowa ali nazo, koma chimene chinawavuta ndi mafakitale, ndipo fakitale siimangidwa ndi siginecha ya nduna.

Tiyambe tagwirizana za chinthu chimene chikusowacho. Si zipolopolo za mfuti ya m'manja ayi. Nkhondo imene Russia inayamba pa 24 Febuluwale 2022 yakhala kwambiri nkhondo ya mizinga, mifuti ikuluikulu yoponya mabomba pa mtunda wa makilomita 20 kapena 30. Bomba limodzi la mzinga wa mayiko a NATO, mgwirizano wa asilikali wa America ndi mayiko ambiri a ku Ulaya, lija amati la 155mm, limalemera makilogalamu oposa 40, pafupifupi thumba la chimanga. Ndiye taganizani matumba oterowo akuponyedwa masauzande tsiku lililonse, dzuwa ndi mvula, kwa zaka. M'miyezi ya pakati pa 2022 akuluakulu a Ukraine ankanena kuti Russia ikuponya mabomba ofika 50,000 kapena 60,000 pa tsiku, pamene iwo ankabweza 5,000 kapena 6,000. Pa nthawi yomweyo America yonse, ndi ukulu wake, inkapanga mabomba a 155mm pafupifupi 14,000 pa mwezi. Zopanga za mwezi wathunthu, Ukraine inkazimaliza m'masiku atatu.

Zinafika bwanji pamenepo? Soviet Union itagwa mu 1991, mayiko a azungu anaona ngati nkhondo ya magulu akuluakulu a asilikali oyang'anizana m'maenje yapita. Nkhondo zimene anamenya pambuyo pake, ku Iraq ndi ku Afghanistan, ankadalira ndege ndi mabomba ochepa olunjika pamalo. Maoda a mabomba a mizinga anachepa, mafakitale ena anatsekedwa, amisiri anakalamba osasiya olowa m'malo. Russia sinataye mafakitale ake motero, ndipo inali ndi nkhokwe zodzaza kuyambira nthawi ya Soviet.

Panalinso vuto la saizi. Ukraine inalowa m'nkhondoyi ndi mizinga ya chi Soviet, ya 152mm ndi 122mm. Bomba la 155mm silingalowe mu mzinga wa 152mm, ngakhale kusiyana kwake kuli mamilimita atatu okha. Mabomba a saizi yakaleyo atayamba kutha, abwenzi a Ukraine anachita kusakasaka m'mayiko ngati Bulgaria, kwinaku akutumiza mizinga yatsopano ndi kuphunzitsa anthu kuigwiritsa ntchito nkhondo ili mkati.

Apa ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pagona yankho lanu. Bomba la mzinga si chitsulo wamba. Ku Scranton, m'chigawo cha Pennsylvania, kuli fakitale ya asilikali a America kumene amadula chitsulo, kuchiwotcha mpaka kufiira, kuchipsinja kuti chitenge maonekedwe a bomba, kenako kuchisema ndi makina mosaphonya ngakhale pang'ono, chifukwa bomba lokhota likhoza kuphulikira mu mzinga n'kupha eni ake. Likachoka kumeneko limakhala chigoba chabe. Amalinyamula ulendo wautali kupita ku fakitale ina ku Iowa kukalithira mankhwala ophulika. Mankhwalawo, makamaka TNT, America inasiya kupanga m'zaka za m'ma 1980 n'kumagula kunja, ndipo kampani yaikulu yopanga TNT ku Ulaya ndi Nitro-Chem ya ku Bydgoszcz, ku Poland. Ndiye pali onga wokankha bombalo kuti liuluke. Ongawo amapangira ku ulusi waufupi umene umatsalira pa njere za thonje, ndipo wambiri mafakitale a ku Ulaya amaugula ku China. Pomaliza pali kachipangizo ka kumutu kamene kamaliphulitsa likafika. Chimodzi mwa zinayi chikasowa, zitatu zinazo zimangokhala m'nyumba yosungira katundu. Mzinga nawonso umatha: ukawombera maulendo masauzande angapo paipi yake imaperepeseka mkati, imayamba kuphonya, ndipo iyenera kusinthidwa.

N'chifukwa chake mu Febuluwale 2023 Jens Stoltenberg, amene anali mkulu wa NATO, ananena poyera kuti nthawi yodikira oda ya mabomba akuluakulu yakwera kuchoka pa miyezi 12 kufika 28. Ndalama zambiri zitathamangira katundu wochepa, mtengo unakwera. Mu Okutobala chaka chomwecho Rob Bauer, amene anali mkulu wa komiti ya asilikali ya NATO, anati bomba limene linkagulidwa mayuro 2,000 lafika pa 8,000. Eni mafakitale nawonso ankazengereza kumanga nyumba zatsopano popanda pangano la zaka zambiri, poopa kuti nkhondo ikatha mawa adzatsala ndi makina opanda wogula. Ine pamenepa ndimaloza chala maboma, chifukwa chaka choyamba chonse chinatha akutulutsa za m'nkhokwe m'malo mosayina mapanganowo.

Zotsatira zake zinaoneka. Mu Malichi 2023 bungwe la European Union linalonjeza mabomba 1 miliyoni m'chaka chimodzi. Chaka chitakwana anali atapereka pafupifupi theka, ndipo lonjezolo linakwaniritsidwa chakumapeto kwa 2024. Nthawi yomweyo ku Washington aphungu anakangana kwa miyezi pa thandizo la madola 61 biliyoni, limene linavomerezedwa mu Epulo 2024. M'miyezi yodikirayo nduna ya chitetezo ya Ukraine pa nthawiyo, Rustem Umerov, inalembera anzake a ku Ulaya kuti asilikali ake sangathe kuponya mabomba oposa 2,000 pa tsiku. Mu Febuluwale 2024 tauni ya Avdiivka, imene inalimba kuyambira 2014, inagwa. Manambalawa ndi osavuta kuwerenga tili kuno, koma kumeneko amatanthauza mnyamata ali m'dzenje, akuona adani akusonkhana patsidya, akuitana a mizinga pa wailesi, n'kuyankhidwa kuti mabomba a lero atha. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa pamene bomba lasowa pamatsekedwa ndi thupi la munthu.

Amene anaganiza msanga ndi dziko laling'ono. Petr Pavel, pulezidenti wa Czech Republic yemwe kale anali mkulu wa asilikali, analengeza ku Munich mu Febuluwale 2024 kuti anthu ake apeza mabomba 800,000 m'mayiko a kunja kwa European Union, chongofunika ndi ndalama. Mayiko angapo anasonkha, ndipo ogulitsawo mayina awo anabisidwa chifukwa ambiri safuna kudana ndi Moscow. Mafakitale atsopano nawo anayamba kutuluka: kampani yopanga zida ya Rheinmetall inayamba kumanga ku Unterlüß, ku Germany, mu 2024 n'kutsegula mu Ogasiti 2025. Onani kutalika kwa nthawi kuchoka tsiku limene nkhondo inayamba.

Musaganize kuti Russia inali pabwino. Mu Meyi 2023 Yevgeny Prigozhin, mtsogoleri wa Wagner, gulu la asilikali aganyu lomenyera Russia, anajambulitsa vidiyo ataima pakati pa mitembo ya anthu ake pafupi ndi Bakhmut, akutukwana akuluakulu a asilikali chifukwa chomumana mabomba. Mu Seputembala chaka chomwecho Vladimir Putin analandira Kim Jong Un, mtsogoleri wa North Korea, ndipo makontena a mabomba ochokera ku North Korea anayamba kuyenda pa sitima kulowa ku Russia. Ndege zopanda woyendetsa za Shahed anazitenga ku Iran, kenako n'kuyamba kuzipanga okha ku Alabuga. Dziko lokwana palokha silikanapita kukagogoda kwa Kim.

Njala ya mabombayi ndi imene inakankhira Ukraine ku madroni ang'onoang'ono, aja a madola mazana ochepa amene msilikali amayendetsa atavala magalasi a kamera. Mu 2024 mokha anapanga oposa 2 miliyoni. Athandiza kwambiri, koma sanathetse zonse. Kusowa kowawa tsopano kuli kumwamba. Mzinga umodzi wa Patriot, uja umauluka kukagwetsa mabomba a adani ali m'mwamba, umadya pafupifupi madola 4 miliyoni, ndipo kampani ya ku America ya Lockheed Martin imapanga mazana ochepa okha pa chaka, oti agawane mayiko ambiri. Ikachepa, zimene zimaphulitsidwa ndi malo opangira magetsi ndi nyumba zogona anthu m'nyengo yozizira.

Tsono za kuba zija. Katangale alipo, sindingakubisireni. Mu Januwale 2024 apolisi achitetezo a Ukraine eni ake anaulula kuti ndalama pafupifupi madola 40 miliyoni zinalipidwa kuti zigule mabomba 100,000 a mizinga ing'onoing'ono, koma palibe ngakhale limodzi linafika. Kuba kotero pa nthawi ya nkhondo n'kupha anzako, ndipo ochita zimenezo ayenera kulangidwa. Koma yerekezani ndi kukula kwa dzenjelo: kumayambiriro kwa 2024 Russia inkaponya pafupifupi 10,000 pa tsiku, ndiye kuti 100,000 amenewo ndi a masiku khumi basi. Ngakhale pakanapanda wakuba ndi mmodzi yemwe, kusowa kukanakhalapobe.

Poti muli ku South Africa, dziwaninso kuti nkhaniyi yakuyandikirani kuposa mmene mukuganizira. Kampani ya Rheinmetall Denel Munition, imene ili ndi mafakitale ku Somerset West ndi kufupi ndi Potchefstroom, imapanga mabomba a 155mm omwewa ndipo maoda ake achuluka kuyambira 2022. Lamulo la dzikolo limafuna kuti zida zilizonse zotuluka zivomerezedwe ndi komiti ya boma, ndipo boma la Pretoria limanena kuti silili mbali iliyonse pa nkhondoyi. Choncho mabomba a kumeneko amagulidwa ndi mayiko ena, makamaka a ku Ulaya, amene akudzazanso nkhokwe zawo zimene anakhuthulira ku Ukraine.