Si kuzizira kumene kunandithera nkhuku zanga

Mayi amene mwafunsa za kasamalidwe ka nkhuku ndi dimba m'nyengo yozizira ino, musayerekeze kukuta khola lanu la nkhuku ndi mapepala apulasitiki mbali zonse ngati mmene ena akukuuzirani m'makomenti umu. Ndipo za nkhuku zapamsika zimene mwati mukufuna kuwonjezera June asanathe, taimani kaye mundimve, chifukwa ine zinandionekera ndipo ndikamakumbukira mtima umandiwawabe.

Ine ndimakhala ku Bvumbwe. Amene mumakudziwa kuno mukudziwa chiperoni chathu, kamvula kowazawaza tsiku lonse, dzuwa osaoneka, zovala osauma pachingwe. Ndinali ndi nkhuku 23, zachikuda ndi za Mikolongwe zakuda zija, zonse zathanzi. Mazira ndinkagulitsa, ndiwo ndinkathyola kuseri kwa nyumba, zitosi ndi zimene zinkadyetsa dimba. Ndiye panabwera bambo wina wogulitsa nkhuku panjinga, munthu woti timapatsana moni, amadziwa ndi ana anga omwe. Anandigulitsa misoti itatu. Ndinamufunsa maso ndi maso kuti kodi zinalandira katemera wa chitopa? Analumbira mpaka kutchula Mulungu kuti zinalandira, akuti anazitenga kwa mlimi wa kalabu. Linali bodza, Mayi. Ndinadzamva pambuyo pake kwa anzake ogulitsa nawo kuti anazigula motchipa m'mudzi wina mmene nkhuku zinali zitayamba kale kugwa, anthu akuzitaya pamtengo uliwonse zisanawafere m'manja. Iye ankadziwa zonsezo.

Sabata isanathe msoti umodzi unayamba kuwodzera, mapiko ali zende ngati wavala jekete, zitosi zobiriwira zamadzimadzi. Kenaka tambala wanga anasiya kulira. M'mawa umene sindidzauiwala kunali nkhungu yoti nyumba ya aneba osaiona. Ndikutsegula chitseko cha khola, fungo linandimenya m'mphuno. Nkhuku zinali ngundangunda pansi, zina zauma kale, zina zikupuma ndi kukamwa kuli yasa, mamina akutuluka. Ina khosi linali litapindikira kumsana, ikungozungulira malo amodzi, kufuna kujompha madeya koma mlomo ukuphonya. Thadzi langa lalikulu, limene linkalera bwino kuposa onse, linafa litafungatira anapiye ake. Nditalinyamula ndinapeza anapiye awiri akadali moyo pansi pake, akuliralira. Mwana wanga wamng'ono anawatenga kukawafunditsa chitenje kukhitchini pafupi ndi moto, madzulo anali atafa. Ndinakumba dzenje ndekha m'matope ozizira aja, manja atachita dzanzi, ana akulira, aneba ena ataima pampanda akundipempha kuti ndiwapatseko zakufazo akaphike. Ndinakana, ndipo ena anandikwiyira. Koma ndikanawapatsa bwenzi nthenga ndi matumbo zitatayidwa padzala, agalu n'kukokera kwina, chitopa n'kulowa khomo lililonse. Pa nkhuku zonse zija zinatsala ziwiri.

Nditamupeza bambo uja pamsika, mukudziwa zimene anandiyankha? Akuti "Mayi, zafa ndi kuzizira zimenezo, simunatseke bwino khola." Pamaso pa anthu, akuseka! Ndalama osabweza, ngakhale pepani weniweniyo ayi. Mpaka lero akuyendabe ndi dengu lake panjinga kulowa m'makomo mwa anthu. Anthu otere ndi amene akutisaukitsa ife amayi. Iye amapeza phindu la tsiku limodzi, mnzake n'kutaya sukulu fizi ya ana, ndiwo ndi manyowa. Dimba langanso linavutika nyengo imeneyo, chifukwa zinyalala za m'khola lija ndinazitentha zonse poopa matenda, repu ndi chainizi n'kutsala zachikasu, feteleza ndilibe pogwira.

Nkhuku yayikulu ya nthenga zake siifa ndi kuzizira kwa kuno ku Malawi, kaya ku Dedza kaya ku Mzuzu. Chimene chimaipweteka ndi chinyezi, mphepo ya mwera yowomba molunjika pamene ikugona, ndi mpweya woipa wa zitosi m'khola lotsekedwa paliponse. Mukakuta ndi pulasitiki nthunzi imagwera pansi, utuchi umanyowa, nkhuku zimayamba chifuwa ndi kutupa maso, ndipo imodzi ikadwala zonse zimapuma mpweya womwewo. Tchingani ndi masaka mbali yokhayo imene kumachokera mphepo, pamwamba pafupi ndi denga musiye potseguka. Pansi thirani utuchi wouma kapena mankhusu ampunga, ukanyowa chotsani. Pakona ikani phulusa losakaniza ndi mchenga kuti zizisamba, utitiri umachepa. Nthawi yozizira nkhuku zimadya kwambiri, ndiye madeya okha sakwanira, sakanizaniko soya wokazinga wogaya kapena fumbi la usipa. Mazira akachepa mu June ndi July musadabwe, usana umakhala waufupi.

Anapiye ndiye nkhani ina, amenewo kuzizira kumawapha ndithu, usiku umodzi wokha. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, kenaka n'kumatsitsa pang'onopang'ono sabata iliyonse. Ngati mulibe choyezera, ayang'aneni okha: akaunjikana pamodzi mpaka kukwerana ndiye kuti azizidwa ndipo apansiwo abanika, akathawira m'mbali kukamwa kuli yasa ndiye kuti kwatentha kwambiri. Magetsi sitingawadalire, choncho mbaula ndiyo imatithandiza, koma makala ayambe ayakira panja mpaka utsi uthe, ndipo mpweya uzilowa. Mbaula m'chipinda chotseka imapha ndi munthu yemwe. Pa anapiye pokha ndi pamene ndingavomere kuti mutchinge kwambiri, mwina ndi makatoni kuzungulira anapiyewo kuti pasakhale ngodya yoti aunjikanepo.

Chitopa chilibe mankhwala. Ena akuuzani za tsabola, aloe vera, makapisozi ofiira aja otsegulira m'madzi, zonsezo ine ndinathira, nkhuku zinkafabe. Chimayamba ndi kachilombo ka vairasi, makapisozi sakakhudza n'komwe. Chothandiza ndi katemera basi. Funsani alangizi a ziweto a kwanuko za katemera wa I-2, uja wodonthezera dontho limodzi m'diso, nkhuku iliyonse, ndi anapiye omwe, miyezi inayi iliyonse. Amapirira kutentha kusiyana ndi katemera wina wa LaSota amene amafuna furiji, komabe musamusiye padzuwa, ndipo botolo likatsegulidwa lisagone masiku ambiri. Gwirizanani ndi aneba mutemere tsiku limodzi, chifukwa botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri. Temerani zikadali zathanzi, panopa, musadikire August ndi September pamene chitopa chimawirira. Zikayamba kale kudwala katemera sazidzutsa.

Zadimbazo, ino ndiye nyengo yake ya mpiru, repu, chainizi, kabichi, anyezi ndi nsawawa. Bonongwe ndi therere zimakula monyinyirika kukazizira, dikirani kutenthe. Matimati m'chiperoni amagwidwa chiwawu, ndiye thirirani patsinde m'mawa, masamba asagone onyowa. Nsabwe zimadzaza kunsi kwa masamba a repu, muzitembenuza kuyang'ana, zikangoyamba tsukani ndi madzi asopo wochepa. Zitosi zaziwisi musathire pabedi, zimawotcha mizu. Ziunjikeni ndi udzu kapena mapesi, muziwaza madzi n'kumatembenuza mpaka zide ndi kusiya kununkha. Ndipo mpanda wadimba ukhale wothithikana, thadzi limodzi la anapiye limafukula nazale yonse inu muli ku tchalitchi.

Nkhuku za pamsika ndi za apanjinga musagule, Mayi, ndanenetsa. Gulani kwa munthu woti mwalowa m'khola mwake n'kuona ndi maso anu. Komabe ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira, inenso zimene ndili nazo panozi ndinayambiranso ndi misoti yapamsika, chifukwa kwina mitengo sindikanaitha. Ngati mwapeza zotchipa zooneka bwino, tengani, koma zikhale pazokha m'chitete kapena kakhola kena kutali ndi zanu kwa masabata awiri, chomwera chake, chodyera chake, ndipo muziyamba kudyetsa zanu zakale musanapite kwa zatsopanozo. Wogulitsa akalumbira kuti zinatemeredwa, mufunseni mwezi wake ndi amene anatemera. Akayamba kuzungulira, mubwezereni nkhuku zake m'dengu.